Mimba ya Eni Ake

Pa siteji ya Thambani pikiapu inkachedwa kudzaza. A Lucia anakhalira thumba lawo la mtedza, khutu lili kwa amayi awiri osadziwana, wina wovala wigi, wina duku.

"Munamva za ku India?" anayamba wa wigi. "Akuti amayi osauka ankasenzera olemera mimba. Ukangobereka, eni ake anyamula mwana, iwe n'kutsala ndi mkaka."

"Ganyu ya mimba?"

"Eya! Ndiye akuti ngakhale kukwiya ankawaletsa, kuopa kuwononga katundu wa eni."

Wa duku anaseka. "Mpaka ku India? Ine ndinaberekera achemwali anga a ku Blantyre, omwe mphatso inawavuta. Mwana atangosiya kuyamwa, anabwera pagalimoto kudzamutenga. Lero amanditchula anti."

"Inu osakwiya?"

"Kukwiyira munthu wophunzitsa ana ako? Ndinawaperekeza ndikumwetulira. Koma Khirisimasi iliyonse amandifunsa pomwe ndinakwirira mchombo wa mwanayo, akuti akaufotsere pakhomo pawo."

"Munawauza?"

"Ndimawauza bwinobwino, mwaulemu. Chaka chino ndawalozera mtengo wachisanu."