Woyeza Makoswe Bipi

Pabenchi ya kuchipatala cha maso, mayi wina wachikulire anakhala moyandikana ndi mnyamata amene ankadikira bambo ake.

"Mwanawe, aka n'kachitatu kubwera kuti andichotse ng'ala. Nesi akangondimanga chija pamkono, bipi imakwera, n'kundibweza. Chonsecho kunyumba imakhala bwinobwino."

"Mankhwala mukumwa, mayi?"

"Osadumphitsa."

"Ndiye ndi mantha. Ubongo ukaopa, umalamula mtima kuti ufulumire, mitsempha ya magazi n'kufinyika. Ndi zimene ndimafufuza kuntchito, poyesa mankhwala pa makoswe."

"Makoswe ali ndi bipi? Akudandaula chiyani, poti amadya zaulere?"

"Ali nayo ndithu. Timawamanga kalamba kumchira. Koma khoswe ukamuyeza atangofika, imakwera ngati yanuyo. Timayamba tamusiya pamalo ofunda, phee, mtima ukhale m'malo."

"Ha! Ine ndimafika wefuwefu, kuthamangira kukhala woyamba pamzere."

"Lero adutse kaye anzanu atatu. Tsamirani, musapingase miyendo, muzipuma pang'onopang'ono. Tandiuzani, maso akatseguka mukufuna kuyamba kuona chiyani?"

"Kachidzukulu kanga. Aliyense akuti katengera mphuno yanga, n'kumaseka. Ndikufuna ndione ngati akundiyamikira kapena akundinena."

Anacheza choncho mpaka nesi anawaitana mayiwo. Posakhalitsa mayi aja anasuzumira pakhomo.

"Adokotala a makoswe! Yatsika! Akuti ndikavale za opaleshoni. Mawa mudzabwere pomasula bandeji, ndidzakuoneni nkhope. Ikakhala yokoma ngati mawuwa, ndili ndi mwana wamkazi kunyumba."