Tsiku limene ndinadumphira pazenera la tchalitchi

Zaka zimenezo, inu ana musanabadwe, mpingo wathu uno unalibe holo yamipando ngati ino. Tinkapemphera m'galaja ku Pretoria West, kuseri kwa malo okonzera magalimoto, ndipo tinkakhala pa matayala akutha ndi pa ndowa zozondotsa. Lero mukadandaula kuti chimkuzamawu chikusokosera, ine ndimangoseka mumtima, chifukwa ife chimkuzamawu chathu chinali pakamwa panga pano.

Ndinali nditangobwera ku Joni kuchokera kwathu ku Ntcheu, ndikugwira ntchito ya m'munda wa maluwa ku Menlo Park, ndipo abwana anga anandipatsa jekete lakuda limene manja ake ankaphimba mpaka zala. Ndikavala jeketelo Lamulungu, nkunyamula Baibulo kukhwapa, ndinkadziona ngati mzati wa mpingo. Anthu atandisankha kukhala mkulu wa mpingo, ngakhale kayendedwe kanasintha.

Koma anthu ena a mumsewu umenewo sankatifuna. Ankati ndife makwerekwere, kutanthauza obwera ochokera kunja, tawalanda ntchito, ndipo tsopano tikuwalandanso mtendere ndi nyimbo zathu. Wowatsogolera anali bambo wina wamtali wotchedwa Bra Solly, amene ankayenda ndi chikoti.

Lamulungu lina m'mawa ndinali kulalikira, ndipo mutu wake, musaseke, unali wakuti Mkhristu saopa munthu. Ndinamenya tebulo, nkunena kuti ngakhale abwere ndi moto, ine Phiri ndidzafera pomwe pano. Azimayi anayankha ameni. Ng'oma yolira sikhalira kung'ambika, ana anga. Ndisanameze malovu, miyala inayamba kugwa pa malata, chitseko nkugubuduka, ndipo Bra Solly analowa ndi anzake asanu.

Mmene ndinafikira pazenera lakumbuyo sindikudziwa mpaka lero. Ndinangozindikira mutu uli panja, Baibulo ndasiya, agogo anu aakazi aja, mkazi wanga, ndawasiyanso momwemo. Koma jekete lija linakodwa pa chitsulo cha zenera, ndipo ndinatsala lende, zala za kumapazi zikungokanda pansi.

Ndili chilendewere choncho, ndinamva nyimbo m'katimo. Anaiyambitsa Amayi Nasibeko, mayi wachikulire wa ku Thyolo amene ankagwira ntchito ya m'nyumba, wa mwendo umodzi wotupa. Mawu awo ankanjenjemera, koma ena anawalandira, ndipo nyimbo inakula. Anthu aja anaphwanya tebulo, anakwapula amuna awiri, koma kuimba sikunaleke.

Kenaka Bra Solly anazungulira kuseri nkundipeza. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wena, ndiwe mfundisi, m'busa wa anthu awa?"

"Ayi baba," ndinatero ine, "ine ndimangosesa pano."

Anaseka mpaka kugwira m'mimba, nandichotsa pachitsulopo ngati mmene muchotsera malaya pa chingwe, nkumapita. Sanaone ngakhale chifukwa chondimenyera. Ndipo zenera linali lotsekula, moti mpingo wonse unamva yankho langa.

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Masabata atatu sindinaponde kutchalitchi. Ndinkauza mkazi wanga kuti madamu a kuntchito akufuna ndithirire maluwa Lamulungu, iye nkumangoti, "Chabwino abambo, kaseseni." Mumtima ndinali nditagamula kuti za Mulungu ndasiya, chifukwa munthu wamantha ngati ine akanapempheranso ndi nkhope iti?

Lachinayi lina masana ndikutchetcha kapinga, ndinaona munthu ataima pageti. Anali Amayi Nasibeko. Anakwera matekisi awiri ndi mwendo wawo uja, pa tsiku lawo lokhalo lopuma. Ndinafuna kubisala kuseri kwa wilibala, koma anali atandiona kale.

"Achimwene, bwerani kuno, ine sindingakuthamangitseni."

Ndinapita mutu uli pansi. Ndinati, "Amayi, ine si woyenera. Inu ndinu olimba, ine ndinakana."

"Olimba ndani?" anatero. "Zenera lija inenso ndinaliyang'ana. Kungoti mwendo uwu sukanakwera, ndipo inu munali mutatseka kale njira. Ndiye ndinati poti kuthawa kwakanika, bola ndiimbe. Mulungu analandira nyimbo ya munthu wolephera kuthawa, alephera bwanji kulandira wothawa amene wabwerera? Lamulungu tikuonani. Mwini galaja watithamangitsa, tikukumana pansi pa mtengo pafupi ndi njanji."

Ndinapita. Palibe ananditonza, koma palibenso anaiwala, ndipo mpaka lero ena achikulire muno amanditchula kuti Wosesa. Tinapemphera pamtetete nyengo yonse yozizira, mphepo ya ku Pretoria ija ikulowa mpaka m'mafupa, sitima ikadutsa nkumadikira kaye kuti pemphero lipitirire. Ena anabwerera kumudzi, ena analeka, tinatsala khumi ndi awiri.

Bra Solly anatipezanso kumeneko. Anabwera molunjika kwa ine, akumwetulira.

"Wosesa uja. Lero ukusesa tchire?"

Ana anga, ndisakunamizeni, ndinayang'ana uku ndi uku, koma pamtetete palibe zenera. Ndinamva mawu aang'ono ngati a mwanapiye akutuluka pakamwa panga: "Ndine mkulu wa mpingo, baba. Tikupemphera."

Anandipatsa mbama imodzi, dzino ili mukuona palibepoli nkugwa. Ndimakonda kunena kuti ndinalitaya chifukwa cha Ambuye, ngakhale mkazi wanga amati linali likugwedera kale. Tinapitiriza kupemphera magazi ali m'kamwa. Bra Solly sanatembenuke mtima ayi, anangotopa nafe, chifukwa Lamulungu lililonse ankatipeza tilipo.

Lero inu zokuvutani ndi zina. Kuntchito ku Rosslyn amakusekani mukatseka maso pa chakudya, abwana amakuikani pa ntchito Lamulungu, ndipo mumati eish, agogo, ndizovuta. Ndizovutadi. Koma musamalonjeze Mulungu zazikulu pamaso pa anthu, mupempheni mphamvu ya tsiku limodzi lokha. Tsiku limene mantha adzakugonjetseni, musadzakhale kutali masabata atatu ngati ine. Ndipo mukaona mpando wa mnzanu uli wopanda munthu, kwerani tekisi mukamuimire pageti.