Injini ya alamu anga m'matumba a mpunga

Abale ndi alongo, landirani moni m'dzina la Ambuye. Aleluya! Ine ndine bambo a Chisomo, mlimi wa mpunga ku Bwanje. Ambiri mumandidziwa kuti ndine wapakamwa. Lero pakamwa pomwepa ndidziulula ndekha.

Alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, amagwira ntchito ku Joni. Atabwera kutchuthi anasiya kwathu galimoto yawo yofiira, ya zitseko ziwiri, yaifupi ngati ikukwawa. Anati, "Alamu, pa abale onse ndakhulupirira inu. Muzingoiliza kamodzi pa sabata, isatuluke mumpanda." Ndinavomera ndi mtima wonse.

Koma matama, abale! Kunali ukwati ku Mtakataka, nthawi ya dzinja. Ndinati nanenso anthu andioneko. Pobwerera ndinapeza kamtsinje kadzaza. Anzanga ankawoloka atasenza njinga zawo, ine ndinati ndingoponda moto. Pakati pa madzi injini inangoti gu! Kenako zii. Inali itamwa madzi.

Tinaikoka ndi ng'ombe. Ng'ombe, abale, anthu akuonerera!

Ndinaitana mnzanga wokonza zigayo. Anamasula injini yonse pansi pa mtengo wa mango, kenako n'kugwira pakamwa: "Achimwene, zoterezi sindinazionepo." Zitsulo zonse tinazithira m'matumba awiri a mpunga. Ulendo n'kuyambika. Ku Salima anandiseka. Ku Balaka anati ndikagulitse kwa ogula zitsulo zakutha. Foni ikalira, alamu: "Kagalimoto kali bwanji?" Ine: "Kali bwinobwino, alamu." Katatu konse ndinanama, ine mkulu wa mpingo! Alamu anali atatsala ndi masabata asanu kuti abwere.

Kondakitala wina wa minibasi pa Golomoti anandilozera ku Lilongwe, kwa mmisiri wina wachikulire amene ali ndi makina opalira zitsulo za injini. Nditafika ndinakhuthula matumba aja pansi. Anatola chitsulo chimodzi, n'kuyeza, n'kutolanso china.

"Ikhoza kudzuka iyi. Galimotoyi ndi yanu?"

"Ndi ya alamu anga."

"Akudziwa?"

Ndinapukusa mutu.

"Bambo, chitsulo ndikachipala sichibwereranso. Pano sindipala popanda mawu a mwini wake. Aimbireni, ndimve ndekha."

Ndinachonderera. Ndinagwada, abale, pa oilo pomwepo. Iwo anangotembenuka, n'kubwerera ku makina awo. Ndinaima padzuwa foni ili m'manja, thukuta lili kamukamu. Ndinachita mantha kuposa tsiku la mumtsinje lija. Ndinati, Ambuye, bodza landitopetsa. Ndinaimba. Ndinaulula zonse.

Alamu anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Chithunzi cha ng'ombe zikukoka galimoto yanga ndinachilandira tsiku lomwelo. Pofunsa paja ndimadikira kuti munene nokha. Apatseni foni amisiriwo."

Ndinalira ngati mwana, pamaso pa anthu osawadziwa.

Injini inadzuka, aleluya! Ndikuthokoza Mulungu amene anandifikitsa kwa mmisiri wosamva kuchonderera uja. Akanandimvera chisoni, bwenzi lero ndikunamabe.

Panopa ndikulima mpunga wanga, ndikuyenda pa njinga yanga, tulo ndikugona. Alamu akabwera amafikira kwathu, timadya mbale imodzi, timaseka. Koma pobwerera ku Joni, makiyi amasiyira mlongo wawo, ine ndili pomwepo. Zimandiwawa, abale, sindikubisirani. Sindinawapemphepo.

Ambuye akudalitseni nonse. Amen.