Chinkhoswe cha m'Gawo Loyamba

Olemekezeka Bambo Mfumu a parishi yathu ino, amene mwatibwereka holo ndi jenereta yomwe. Olemekezeka mafumu onse a kuno ku Lobi. Olemekezeka a Khansala. Olemekezeka oimira a Phungu athu, amene mwatiuza kuti eni ake ali m'njira, monga analili m'njira tsiku lotsegulira mjigo chaka chatha. Aphunzitsi anzanga, opuma ndi amene mukadali pa choko. A Keith, mkulu wa gulu la achinyamata ojambula kanema, pamodzi ndi gulu lanu lonse. Amayi ndi abambo, ndi inu amene mwaunjikana m'mawindo chifukwa mabenchi achepa, ndakulonjerani nonse.

Kwa amene simundidziwa, ndine Sophie Zikhalo, mphunzitsi wopuma, ndipo ndine amene ndinalemba kabuku kotchedwa Tikondwe Wakana, kamene lero kasanduka kanema. Ndikuti kabuku chifukwa n'kochepadi: mukakayamba pokwera minibasi pa Dedza Boma, pofika ku Lilongwe mwakamaliza, ngakhale kondakitala azikusunthani mpando uno ndi uno. Ndiye mutha kumvetsa mmene ndinadabwira a Keith atafika kwathu, chipewa atachitembenuzira kumbuyo, kudzandiuza kuti m'kabuku kangaka apezamo makanema asanu. Ndinawafunsa kuti, "Asanuwo mwawapeza patsamba liti, poti mwini wakene sindinawaone?" Iwo anati, "Amayi, masiku ano nkhani sagulitsa yathunthu. Ngakhale kabichi pamsika amachita kumudula mapisi."

Musanditenge ngati wosayamika. Ana awa ndi alimi, kamera amaigwira akatha kukolola, ndipo ajambula m'chisanu cha kuno chimene chimaumitsa zala, popanda wowalipira, popanda wowaphikira. Ndikuwathokoza kuchokera pansi pa mtima. Gawo loyambali ndinalionerako kale kunyumba, ndipo ndinaphunziramo zambiri za buku langa lomwe. Ine ndinangolemba mzere umodzi woti Tikondwe anapita kukatunga madzi. M'kanemamu mumuona akufunafuna nkhata, akutsetsereka phiri lonse, akupereka moni kwa aliyense wokumana naye ndi kufunsa za ana. Ndinadzuka kukasonkhezera nyemba pamoto, pobwera ndinapeza ndowa isanadzaze.

Ndiloleni ndikubwezeni m'mbuyo pang'ono. Ndili mtsikana kwathu ku Kaphuka, kunabwera galimoto ya kanema. Anakoloweka chinsalu choyera pakhoma la sukulu, mudzi wonse n'kukhala pansi. M'kanemamo bambo wina anagwera m'chitsime, ndipo anzake ali mkati mothamangira chingwe, makina anazima. Eni galimoto anati abweranso sabata yamawa ndi mbali yotsalayo, ndipo sabata yamawayo mpaka lero sinafike. Ife ana tinaiwala, koma mayi anga sanaiwale. Aliyense wochokera ku Boma ankamufunsa ngati wamvako za munthu uja. Ndikawauza kuti, "Amayi, zija zinali zongoyerekeza," iwo ankandiyankha kuti, "Polowa ndinamuona ndi maso angawa. Potuluka unamuona ndiwe?" Anamwalira atakalamba, munthu wawo akadali m'chitsime.

Mukuseka, inenso ndinkaseka. Koma anthu athu ndi otero: chimene achiona ndi maso chimakhala chomwecho mpaka aonenso china chochifafaniza. A Keith, zimenezi pa foni pamene munaphunzirira kujambula paja sanakuuzeni.

M'gawo limene tionere leroli muli chinkhoswe. Jesinta, mwana wathu wa m'kwaya, ndiye akusewera ngati Tikondwe, ndipo Kingsley ndiye mnyamata womufunsira. Pofuna kuti zioneke zenizeni, a Keith anakana ankhoswe ongobwereka majekete. Anakatenga a Kalisto, malume ake enieni a Jesinta, ndi a Rafaelo, malume ake enieni a Kingsley. Akuluakuluwa sanawapatse mawu oti aloweze, anangowauza kuti alankhule monga amalankhulira pa chinkhoswe. Analankhuladi. Anapatsana tambala ndi msoti, ananyemerana nkhuku yowotcha, amayi anaimba nthungululu, a Keith n'kudumpha ndi chimwemwe kuti zatheka.

Zinathekadi, mpaka kupitirira muyeso. Jesinta ali ndi mnyamata wake weniweni, Vinsenti, uyo waima pafupi ndi chitseko akuyang'ana pansiyo, amene njerwa za nyumba anaumba kale ndi kuwotcha. Akwawo atapita kwa a Kalisto kukayamba nkhani ya ukwati, a Kalisto anawabweza. Ndinanyamuka ndekha kukawafunsa chifukwa chake. Anati, "Aphunzitsi, ine nkhuku ndinadya pamaso pa anthu. Mwana mmodzi sindingamudyere nkhuku ziwiri. Zithe kaye zoyambazo, pamaso pa anthu omwewo." Ndinati, "Koma a Kalisto, dzina la bukulo likunena kale kuti Tikondwe wakana." Iwo anati, "Akadzakana tidzamva. Panopa wavomera."

Bambo Mfumu nawo sangalengeze ukwati m'tchalitchi nkhoswe atakhala pansi osagwedezeka, ndipo sitingawaimbe mlandu. Ndinapita kwa a Keith. Anandiuza kuti kukanako kuli m'gawo lachisanu, ndipo sangakujambule msanga chifukwa anthu akadziwa mathero sadzabweranso. Anawaletsanso a Kalisto kupha tambala uja ngakhale pa Khirisimasi, akuti adzafunika m'gawo lomwelo. Pajatu amajambula gawo limodzi pachaka, ndiye zakazo muwerenge nokha. Tambala adzakhala atakalamba, njerwa za Vinsenti zitamera ndere.

Sabata yatha Jesinta anabwera kwathu, nakhala nane pakhonde. Kenaka anandifunsa kuti, "Amayi, kukanako munakuikiranji kumapeto?" Funso limeneli linandipweteka, ndipo likundipwetekabe. Kabuku kaja ndinakalemba kuti mtsikana adziwe kuti angathe kukana mwamuna amene sakumufuna. Lero kabuku komweko, atakadula mapisi, kamanga mtsikana kuti asakwatiwe ndi mwamuna amene akumufuna.

Olemekezeka nonse, mlendo wolemekezeka ngati ine alibe mphamvu zambiri. Amamukhazika kutsogolo, amamupatsa chakumwa chozizira m'nyengo ya chisanu, amamuombera m'manja ngakhale asanamve zimene wanena. Koma mphamvu imodzi ali nayo: mwambo sutseguka iye asanautsegule. Mphamvu imeneyi ndiigwiritsa ntchito lero.

A Keith, yatsani kamera yanu. Musandiyang'ane choncho, yatsani. Ndikukupatsani gawo lachisanu popanda kudikira kukolola. Jesinta, bwera kutsogolo kuno, mwana wanga. Kingsley, nawenso. A Kalisto ndi a Rafaelo, pepani, taimirirani, poti anthu amene anakuonani mukudya nkhuku ndi omwewa adzaza m'holo muno.

Jesinta, yankha mokweza, amve ndi a m'mawindo omwe. Kingsley waima pambali pakoyu ukumufuna?

Mwamva nokha, wakana, ndipo sanachite chibwibwi. Kingsley, wadandaula? Akuti ayi, akuti nayenso kumene amayenda madzulo anamuletsa kufikako chifukwa cha nkhani yomweyi. A Rafaelo, mawuwo mwawalandira? Agwedeza mutu kuvomereza. A Kalisto, inu? Tatontholani kumbuyoko, nkhoswe ikulankhula. Akuti amva, ndipo tambala abweza mawa kukacha. Ayi, a Kalisto, za mawa n'zimene zinasiya munthu m'chitsime. Tumani wa njinga pompano, ife tidikira.

Bambo Mfumu, mwaona ndi maso anu, Lamulungu likubwerali tikhala tcheru nthawi ya zolengeza. Vinsenti, dzutsa nkhope, akwanu akaonekerenso kwa a Kalisto, ndipo ulendo uno pasapezeke munthu wa kamera.

A Keith, ndikuona kuti mwakwiya poti ndaulula mathero. Mtima pansi. Anthu a kuno amapita ku ukwati akudziwa kale amene akukwatira ndi amene akukwatiwa, koma tchalitchi chimadzaza. Mukajambula bwino adzabwera, ndipo mukajambula ndowa zokhazokha, ngakhale mubise mathero kunsi kwa bedi, adzatsala kumunda.

Ndamva belu la njinga panjapo, tambala wafika, ndiye palibenso chondigwira. Ndi mtima wopepuka, ndiponso ndi ulemu kwa inu nonse amene mwapirira nane, ndikulengeza kuti mwambo woonetsa gawo loyamba la kanema wathuyu watsegulidwa. Zimitsani magetsi. Mukamuona Tikondwe akuvomera, musadandaule, wakana kale.

Zikomo kwambiri.