Masiku a Kabichi Ndinawayambira pa Nazale

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine Tisaukirenji wa ku Mlolo, ndili giredi 10. Ndikufuna ndikuuzeni za tsiku limene amayi anga anakhetsa magazi m'dimba mwathu.

Ndili ndi kabuku kamene ndimalembamo zonse. Chaka chatha ndinalembamo tsiku limene tinafesa kabichi pa nazale, kenako ndinawerenga masiku olembedwa pa kapepala ka mbewu. Ndinauza bambo anga ondipeza Loweruka lenileni limene kabichi adzakhwime. Iwo ananyadira, nakauza a Naphiri, ogula ndiwo a ku boma, kuti abwere ndi galimoto.

A Naphiri anabweradi. Anayenda m'mizere akudina mitu ya kabichi, ndipo chala chinkangolowa. Anati kabichiyu sanamange, nakwera galimoto yawo. Anthu a m'madimba oyandikana anaseka.

Bambowo sanadikire n'komwe kuti tifike kunyumba. Anatola chikwanje nayamba kutema kabichi mzere ndi mzere, akukalipa kuti sukulu yandiphunzitsa bodza ndipo Lolemba sindipitakonso. Kenako anandigwira tsitsi n'kundiponya m'ngalande. Amayi atalowa pakati, anawamenya ndi mpini wa khasu pamphumi, ndipo amayiwo anagwera pa masamba otemedwa aja magazi akutsikira m'maso. Ndili m'matope momwemo ndinangoti, Yesu, musalole amayi anga afere kabichi.

Ndisanadzuke ndinamva galimoto. A Naphiri anali ataiwala matumba awo. Anatsika akuthamanga naima kutsogolo kwa amayi.

"Menyani ine, bambo, tikaonane ku polisi," anatero. Mpini unagwa pansi.

A Naphiri anatitengera ku kiliniki komwe amayi anawasoka. Tikudikira, anapempha kabuku kanga nakawerenga mofatsa.

"Mwanawe, masamu ako ali bwino. Koma masiku amenewa timayambira tsiku lowokera, osati lofesa."

Ine ndinali nditaphatikizamo mwezi wonse wa pa nazale. Nditayamba kulira, anandiuza kuti kulakwitsa masiku si chifukwa choti munthu akhetsedwe magazi.

Amalume atamva, anaitanitsa bambowo n'kuwakumbutsa kuti pamudzi pano ndi mkamwini, ndipo anawauza kuti anyamule katundu wawo. Lolemba ndinapita kusukulu ndi bondo lotupa.

Mizere inayi inapulumuka. Ndinawerenganso kuyambira tsiku lowokera, koma sindinakhulupirire kabuku kokha, m'mawa uliwonse ndinkadina mitu. Mlungu wachinayi chala chinakana kulowa. A Naphiri anabwera n'kutenga yense.

Ndikuthokoza Mulungu amene anaiwalitsa munthu matumba. Mtsikana mnzanga, ngati kwanu kuli nkhanza, pemphera, komanso uuze akuluakulu, ndipo sukulu usaisiye. Amayi chipsera ali nachobe. Dzulo tawokera kabichi wina, ndipo ndiwo anandipatsa cholembera kuti ndilembe tsikulo.