Ana Asanu ndi Mmodzi pa Chingwe Chimodzi

"Ameneyu si mwana, bambo. Ameneyu ndi mtengo wa bulugama!"

Amene anakuwa choncho ndi mayi Bernadetta, telala wa pakhonde la sitolo ina ku Old Town, atanyamula chingwe choyanikira zovala chodzaza mfundo, chimene chinayambira pa makina awo, kutsika masitepe mpaka kukagona m'ngalande. Kutsogolo kwawo kunaima a Bauleni, osamalira maluwa kwa mayi Kayira ku Area 3, chipewa chili m'manja, nsapato zili mbuu ndi fumbi.

Nkhani yake inali iyi. Amayi a mumsewu wa mayi Kayira anasonkha nsalu yoti asokere yunifolomu ana a antchito a m'mipanda mwawo sukulu isanatsegulidwe Lolemba. Nsaluyo inali itafika kale kwa telala. Chotsala chinali miyeso, ndipo wotumidwa anali a Bauleni, munthu woti akauzidwa kuthirira maluwa amathirira ngakhale mvula ikukhuthuka.

Koma m'thumba la malaya, pamtima penipeni, a Bauleni anali ndi kachingwe kena kofiira kamene sanatumidwe ndi aliyense. Kanali muyeso wa mwana wawo Eveless, wa Sitandade 7, amene diresi yake inang'ambika m'khwapa monse muwiri ndipo inali itathawa maondo kalekale. Eveless anali atanena poyera kuti Lolemba sapita kukasekedwanso. A Bauleni anayenda ulendo wonse pansi pa mitengo ya jakaranda, maluwa akuwagwera pamapewa, akuyeseza mawu oti akapemphere. Atafika pakhondepo, mawu onse anauluka.

"Si mwana mmodzi, mayi," anatero a Bauleni. "Ndi ana asanu ndi mmodzi."

"Pa chingwe chimodzi?"

"Madamu anandipatsa chimodzi."

"Nanga osadula bwanji, mwana aliyense chakechake?"

"Zodula sananene. Anati, 'A Bauleni, nachi chingwe. Mukayeze ana a alonda ndi a ogwira ntchito m'nyumba. Pothera muyeso muzimanga mfundo.' Ndiye ndamanga. Onani, zilipo."

"Zilipodi! Ngati kolona ya asisitere!"

"Zikomo, mayi."

"Sindikukuyamikirani!" Mayi Bernadetta anamenya makina ndi chikhatho. "Tamverani. Ine pa makina awa ndakhalapo zaka makumi awiri. Amayi a ku Mitundu amabwera pano ndi tizingwe ta ana awo, ndipo lamulo ndi limodzi: chingwe chimodzi, munthu mmodzi. Mfundo yoyamba chiuno, yachiwiri msinkhu. Inu mwabwera ndi chingwe chimodzi, ndiye ine ndisoka munthu mmodzi."

"Koma ndi asanu ndi mmodzi."

"Chingwe sichinama."

"Inenso sindinama, mayi."

"Ndiye tione amene apambane." Anakoka tepi imene inali m'khosi mwawo n'kuigoneka pa chingwe. "Kuyambira apa kufika pa mfundo yoyamba, chiuno. Mayo ine! Mwanayu amadya chiyani?"

"Chimenecho si chiuno. Ndi msinkhu wa Lawford, mwana wa mlonda wa pakona."

"Chabwino. Nanga yachiwiriyi, yayandikana ndi inzakeyi? Ndi khosi lake?"

A Bauleni anawerama n'kuiyang'anitsitsa mfundoyo ngati munthu amene wakumana ndi mnzake wakale.

"Imeneyo si yanga. Ndinaipeza. Chingwechi chinaduka chaka chatha titayanika bulangete la abwana."

"Ndiye bulangetelo nalonso likupita kusukulu?"

"Ayi, mayi. Lili m'nyumba."

Mayi Bernadetta anatseka maso n'kupuma kawiri.

"Yachitatu."

"Pamenepo ndi pamene galu wa kwa a dokotala anandithamangitsa. Ndinamanga kuti ndisaiwale pamene ndinalekezera."

"Munali mukuyeza ndani?"

"N'zimene ndaiwala."

"Abale inu! Nanga mtunda wonsewu, kuchoka apa mpaka pa sitepe yachiwiri?"

"Chiuno chimenecho."

"Cha mvuu?"

"Cha Harold ndi Jenifa. Ndi mapasa. Anakana kusiyana, ndiye ndinawazunguliza onse pamodzi."

"Ndiye ndiwasokere kabudula kapena diresi?"

"Zimenezo madamu sananene."

"Ndiwasokera thumba la chimanga, mutulukire mitu iwiri!"

A Bauleni anaganiza kaye mofatsa.

"Aphunzitsi sangalole, mayi. Amakhala m'makalasi osiyana."

Mnyamata wa kabaza amene amadutsa anakodwa ndi chingwe chija, natukwana, napitirira. Mayi Bernadetta sanamuyang'ane n'komwe. Anatsika masitepe, tepi ili m'manja, akutsata mfundo ngati munthu wolondola mapazi a mbuzi yotayika.

"Iyi? Chifuwa chachikulu chonchi?"

"Alinesi. Anali atabereka mng'ono wake kumbuyo. Mayi awo amasita."

"Osamutsitsa mwanayo?"

"Anali m'tulo."

"Nanga iyi yafika m'ngalandeyi? Mamita atatu! Ameneyu ndiye bulugama uja!"

"Chipulikano ameneyo. Atandiona ndi chingwe anaganiza kuti ndabwera kudzamumanga, ndiye anakwera mumtengo wa mango. Ndinayeza kuchoka pansi kufika pamene anakhala."

"Bambo Bauleni."

"Wawa."

"Simunaganize zomudikira atsike?"

"Madamu anati ndiyeze mwana. Sananene kuti ayambe watsika."

Mayi Bernadetta anabwerera pampando wawo mwakachetechete, ndipo bata limenelo linawaopsa a Bauleni kuposa kukuwa kuja. Anatulutsa mpukutu wa nsalu yabuluu, nauyala pathebulo, natenga choko ndi sizasi.

"Mukutani, mayi?"

"Ndikusoka. Diresi imodzi. Chiuno cha mapasa, chifuwa cha wobereka mwana, msinkhu wa mtengo wa mango. Mukamuveke amene ikamukwane."

Mtima wa a Bauleni unagunda pansi pa kachingwe kofiira kaja. Nsalu yonseyo kuthera pa chimphona! Anaona Eveless atakhala pakhomo Lolemba m'mawa, anzake akudutsa ndi zikwama, iye akutola timiyala.

"Koma mayi," anatero a Bauleni, "tingoyerekeza. Mwina nsalu itatsalako pang'ono... kachidutswa chabe... koti n'kukwana mwana wina wake..."

"Kutsala? Ndi chimphona chanuchi? Mwina ndichita kuwonjezera makatani a kunyumba kwanga. Mwana wina wake uti?"

A Bauleni anatsegula pakamwa. Dzanja linapita pathumba. Linafika, linagwira, linabwerera.

"Palibe, mayi. Ndimangoyerekeza."

"Muziyerekezera uko. Kodi icho chikusuzumira m'chipewa chanucho n'chiyani?"

"Kalata."

"Ya ndani?"

"Yanu. Yochokera kwa madamu."

"Ha! Nthawi yonseyi ndikulimbana ndi agalu ndi mabulangete, inu kalata muli nayo? Bweretsani kuno!"

A Bauleni anabwerera m'mbuyo, chipewa atachikumbatira pachifuwa.

"Sizitheka. Anati, 'Muyambe mwapereka chingwe. Akalandira, muwapatse kalata.' Inu chingwe simunalandire."

"Ndachigwira ndi manja awa!"

"Kugwira munagwira. Kenako munachiponya m'ngalande. Kumeneko si kulandira."

"Ine sindilandira chingwe cha ana asanu ndi mmodzi. Ndanena kale. Patseni kalata, chingwe chanu mubwerere nacho."

"Chingwe choyamba."

"Kalata."

"Chingwe."

"Ndidula nsaluyi!"

Sizasi inatsegula kukamwa. A Bauleni sanadikirenso. Anathamangira kungalande, nakulunga chingwe chonse pamkono, mapasa, galu, bulangete ndi mtengo wa mango womwe, nakwera masitepe, nagwada pamaso pa mayi Bernadetta, n'kuchipereka ndi manja awiri monga anaphunzitsidwira kwawo.

Tsoka lake, mphepo inasankha nthawi yomweyo kugwetsa duwa la jakaranda limene linali litakakamira pakolala yawo, ndipo linatera pamwamba pa chingwecho. Amayi ogulitsa nthochi kutsidya kwa msewu anaona mwamuna atagwada, mkazi atagwira pachifuwa, duwa lili pakati. Nthungululu inalira.

"Dzukani!" ananong'ona mayi Bernadetta, akubisa nkhope ndi nsonga ya chitenje. "Anthu akuyesa mukundifunsira banja!"

"Zimenezo madamu sananene."

"Ndikudziwa kuti sananene! Dzukani, bambo inu!"

"Muyambe mwalandira."

"Sindi..."

"Avomere! Avomere!" anakuwa amayi a nthochi.

"Ndalandira! Ndalandira! Nachi, ndachilandira!"

Nthungululu inaliranso kawiri. A Bauleni anadzuka, nasasa fumbi m'maondo, natulutsa kalata m'chipewa n'kuipereka mwaulemu ngati palibe chachitika. Mayi Bernadetta anaing'amba ndi mano, navala magalasi, nayamba kuwerenga mokweza, mpweya ukadali m'mwamba.

"'Mayi Bernadetta, moni. Ngati a Bauleni abwera ndi chingwe chosadula, pepani, ndakumbukira mochedwa kuti sindinawauze. Anawo ndibwera nawo ndekha mawa pa galimoto.'" Anatsitsa magalasi. "Mwamva? Madamu anu ali mbali yanga."

"Sananene kuti ali mbali yanu."

"Khalani chete, sinathe. 'Nsaluyo ndi ya ana asanu ndi awiri, osati asanu ndi mmodzi. Wachisanu ndi chiwiri ndi Eveless, mwana wa bambo abweretsa kalatayi. Ndikawafunsa pamaso amati, tili bwino madamu. Ndikudziwa kuti sanamuyeze, chifukwa ndinatchula alonda ndi a m'nyumba, a maluwa sindinawatchule. Muwabweze akamuyeze, ndipo muwauze kuti ndalamula ndine.'"

Amayi a nthochi aja anayamba kuyang'ana nthochi zawo.

Mayi Bernadetta anapinda kalata pang'onopang'ono.

"Mwana wina wake uja ndi ameneyu?"

A Bauleni anayang'ana nsapato zawo.

"Muli ndi mwana wa sukulu, diresi alibe, inu n'kumayeza ana a eni mpaka m'mitengo?"

"Ine ndine wa maluwa, mayi."

"Wa maluwa! Ndiye mwamva lamulo. Bwererani ku Area 3 mukamuyeze. Ndipo akakwera mumtengo mumudikire."

"Wawa."

Anavala chipewa. Madamu anati abwerere, ndiye kubwerera kunali koyenera. Anatsika sitepe yoyamba. Anatsika yachiwiri. Zaka khumi ndi ziwiri anagwira ntchito kwa mayi Kayira, ndipo sanawonjezerepo kapena kuchotsapo liwu limodzi pa zimene anauzidwa. Koma mawa linali Loweruka, ana asanu ndi mmodzi adzadzaza khondeli, ndipo makina ndi amodzi. Pa sitepe yachitatu phazi linakana.

Anatembenuka.

"Mayi."

"Mwaiwala njira?"

"Madamu alakwitsa."

Mayi Bernadetta anagwira m'mphepete mwa thebulo.

"Mwati chiyani? Tabwerezani, ndiitane mboni."

"Alakwitsa. Akuti sindinamuyeze." Dzanja linapita pathumba la malaya, ndipo ulendo uno silinabwerere lopanda kanthu. "Ndinamuyeza. Dzulo, atavula nsapato, ataima chilili pa simenti."

Anayala kachingwe kofiira pathebulo. Mayi Bernadetta anakatenga ndi zala ziwiri, nakagoneka pa tepi. Mfundo yoyamba, chiuno. Yachiwiri, msinkhu. Yachitatu, mapewa. Panalibe galu, panalibe bulangete.

"Nanga kotsala kumapetoku?"

"N'kopinda m'munsi. Akukula msanga, watengera malemu mayi ake."

Telala uja anayang'ana kachingweko, nayang'ana chimtolo cha chingwe chija, nayang'ananso a Bauleni.

"Ndiye kuyeza mumatha! Pa ana asanu ndi awiri, mwayeza bwino mmodzi yekha, amene simunatumidwe!"

"Zikomo, mayi."

"Apa ndiye ndikukuyamikiranidi. Koma lamulo langa mukulidziwa? Ndimayamba ndi amene analembedwa poyamba. Wanu ndi wachisanu ndi chiwiri. Adikire mawa, anzake akabwera."

A Bauleni anavula chipewa, nachiika pathebulo, nakhala pa benchi ya makasitomala popanda wowauza kuti akhale. Anatola sizasi n'kuipereka kwa mayi Bernadetta, chogwirira chili kutsogolo.

"Chingwe chimodzi, munthu mmodzi. Munanena ndinu. Pano chingwe cholongosoka chilipo chimodzi. Ndikufuna diresi ya mwana wanga, mayi, yabuluu, ya matumba awiri, ndipo ndikuifuna lero. Dulani."