Buleki Yomasula ndi Thumba la Chimanga

Chaka cha njala chija ndinali pamzere wa chimanga ku Nsanama. Ndinanamizira kumanga chingwe cha nsapato kuti ndimve bwino mayi wina, amene anali atagula kale thumba lawo, akukambirana ndi wakabaza wa njinga ya mauntini.

"Achimwene, buleki yanuyi ndaifinya mpaka kumapeto, koma tayala likungozungulira."

"Ndinamasula dala, mayi. Mapadi a bulekiyi akamakhudza disiki ya patayala amandidyera mphamvu, pamene ine chidzukireni ndangodya mango awiri."

"Nanga pa mtsetse mumaima bwanji?"

"Phazi lilipo, patapata iliponso."

"Iyayi, ine sindikwera choncho. Kokani wayayo mumange bauti, kenako padi yamkatiyo muisendeze pafupi ndi disiki. Malemu amuna anga ankatero."

"Ikayamba kukhudza disiki, pa chitunda mutsika muzikankha nawo?"

"Kukankha ndikankha. Ana anga akudikira thumba limeneli. Tikagwa thumbalo n'kuphulika, anthu adzatola chimanga chonse ine ndisanadzuke."

"Musadandaule, mayi. Ine ndikagwa ndimadzuka msanga."

"Ndi zimene ndikuopazo. Tengani sipanala mumange, ine ndikuona."